Wa Buku Satumidwa

Kwathu, m'munsi mwa phiri la Michesi, amayi anali ndi lamulo limodzi limene sankalibweza: wa buku satumidwa. Mwana akakhala pansi n'kutsegula buku, kaya mbuzi zalowa m'chinangwa, kaya mtsuko wauma, amayi ankamulambalala n'kukatuma wina, apo ayi ankapita okha. Iwo eni sanapondeko m'kalasi. Ankati pepala ndiwo munda wa ana a masiku ano, ndipo munthu amene wawerama pa mzere sumuitana kuti adzakupalire moto. Linali lamulo labwino, lochokera mumtima wabwino. Vuto lake linali lakuti pakhomopo tinalipo ana awiri, ntchito sizinkatha, ndipo mmodzi mwa awiriwo ndinali ine.

Ine ndi achemwali anga tinayamba sukulu tsiku limodzi, chaka chija boma latsopano litangonena kuti pulayimale ndi yaulere. Iwo anali atakula kale, akudziwa kusinja ndi kupeta, pamene ine mano akutsogolo anali asanamere. Anatikhazika pansi pa mtengo umodzi, chikhamu cha ana, achemwali kumbuyo kwenikweni chifukwa ankatchinga anzawo. Ine zilembo zinandilowa ngati madzi mumchenga. Iwo zinkawavuta. Ankawerenga ndi chala, milomo ikugwedera, akapeza liwu limodzi n'kupuma kaye asanafike pa linzake. Koma chimene awerenga kamodzi sichinkatulukanso m'mutu mwawo. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chimene achemwali ankasowa si nzeru ayi, koma mpata wokhala pansi, ndipo mpatawo ndi umene ine ndinkaudya.

Abambo ankapalasa njinga kupita ku Chilwa kukatenga matemba, n'kumakagulitsa pamsika wa pa Boma. Tsiku lina anabwera ndi buku lopanda chikuto. Analipeza kwa mnzawo wa pamsika amene ankathothola masamba ake, kuyambira kumapeto, n'kumakulungira nsomba. Abambo ankatha kuwerenga pang'ono, ndiye ataona kuti n'Chichewa analipempha lisanathe. Linkanunkha matemba, masamba ena ataderuka ndi mafuta. Silinali la sukulu. Inali nkhani chabe, ya mtsikana amene anakwera sitima kupita m'tauni kukafuna mchimwene wake amene anachoka osabweranso. Ndinalikutira ndi pepala la thumba la simenti, monga tinkakutirira mabuku onse a kusukulu, ndipo litakutidwa linafanana ndi la masamu. M'maso mwa amayi buku linali buku basi.

Nyengo yachisanu kwathu inali nyengo ya kalongonda. Amene sanakulire kuno asamutenge ngati nyemba wamba. Kalongonda amafuna tsiku lathunthu pamoto. Umamuwiritsa, kutaya madzi akuda aja, kusenda makoko, kuthira madzi ena, kuwiritsanso, mpaka dzuwa kupendeka. Ukamuphula msanga amazunguza mutu, ndipo akuluakulu ankati ena anapita naye kumanda. Tsono tsiku la kalongonda, limene kwathu linali Loweruka, linkafuna anthu awiri. Wina ankakhala pa mphika kusonkhezera moto ndi nkhuni zotsala m'kati mwa sabata, wina ankakwera phiri kukatola zina, kuti zotsalazo zikamatha masana mtolo watsopano ukhale utafika. Amayi ankakhala kudimba. Ndani akhala, ndani akwera, zinkagamulidwa ndi lamulo lija.

Ndisaname, sindinapezenso malo owerengera okoma ngati khitchini yathu ija. Kanali kanyumba ka udzu, kakuda ndi mwaye, chitseko chake cha bango. Panja chiperoni chikuwaza, phiri litabisika mu nkhungu, ine ndinkayala chiguduli pafupi ndi mafuwa, n'kufunda chitenje cha amayi, mapazi kuloza kumoto. Mphika unkabwata pang'onopang'ono. M'phulusa ndinkakwirira mbatata. Nkhuku zothawa mvula zinkalowa n'kudzaunjikana pakona, ndipo sindinkazipirikitsa chifukwa zinali anzanga. Ndikasonkhezera chikuni n'kubwerera pa tsamba, ndinkapezeka ndili m'sitima pamodzi ndi mtsikana uja, ine amene sitima ndinali ndisanaionepo ndi maso. Lero ndili ndi mpando wa khushoni ndi magetsi, koma ndikatsegula buku mphuno yanga imafunabe utsi ndi matemba. Chomwe chimandipweteka n'chakuti nkhungu imene inkandikometsera kuwerengayo ndi yomweyo imene achemwali ankayendamo, opanda nsapato, chikwanje m'manja.

Njira yanga inali yosavuta. Loweruka ndinkadzuka msanga, ine amene masiku a sukulu ankachita kundikoka mwendo. Ndisanasukusule n'komwe ndinkatenga buku la matemba lija, kukhala pakhonde, n'kukwinya nkhope ngati munthu amene masamu amuthina. Amayi akatuluka ankandiyang'ana ndi maso a ulemu, mawu n'kutsitsa.

"Musiye uyo, ali pa sukulu," ankatero kwa achemwali. "Iwe tenga chikwanje, anzako anyamuka kale."

Achemwali ankapinda nkhata mosafulumira, akuyang'ana bukulo. Podutsa pafupi nane ankangonena chapansipansi kuti, "Pobwera undiuze zachitika."

Ndipo ndinkawauzadi. Masana ankatulukira kuseri kwa nkhokwe, khosi litalowa m'mapewa, n'kugwetsa mtolo kuti phi! Asanamwe n'komwe madzi ankafunsa, "Ndiye wamupeza?" Ine ndinkayamba kufotokoza, kusintha mawu, kuthira mchere pamene mwini nkhani sanathire, iwo akuseka uku akuzula minga kuphazi. Bukulo ndinali nditalimaliza kalekale mpaka pamene masamba anathera, ndipo ndinkangolibwereza. Koma ndinkawagawira pang'onopang'ono kuti nkhani isathe, pakuti ikanatha ndikanasowa chowalandirira nacho. Mumtima ndinkadziuza kuti tikuthandizana: iwo nkhuni, ine nkhani. Mwana waulesi sasowa chonena.

Chaka chimene tinafika Sitandade 8 zinthu zinasintha fungo. Aphunzitsi ankatikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti kukhoza n'kwina, kusankhidwa kupita ku sekondale n'kwina, ndipo malo ndi ochepa. Nthawi yomweyonso mnyamata wina wa ku Chilwa, mlimi wa mpunga amene ankadziwana ndi abambo, anatumiza mawu kwa amalume ofunsira achemwali. Amayi anayankha kuti adikire mayeso. Akasankhidwa apita kusukulu, akapanda kusankhidwa nkhaniyo ikambidwa. Tonse tinamva, pakuti nyumba yathu inalibe zobisa. Tsiku lina tili pa mjigo achemwali anandiuza, maso ali pa ndowa, kuti iwo akufuna adzavale zoyera ngati anamwino a kuchipatala cha pa Boma. Ananena kamodzi kokha, ndipo ine ndinaseka n'kuti chipewa cha anamwino sichingakhale pa mutu wozolowera nkhata. Iwonso anaseka nawo. Ndikakumbukira kusekako ndimafuna kudzimenya pakamwa.

Ndiye linafika Loweruka limene anandiyambirira. Nditatuluka, maso ali tulo, ndinawapeza pakhonde pamalo panga penipeni, buku la masamu lili pamwendo, la matemba lija atalikhalira. Sanandiyang'ane. Amayi anatuluka, kuona uyu, kuona uyo, n'kuima kaye. Koma lamulo linali lawo lomwe.

"Lero wa buku ndi mkulu wako," anatero. "Chikwanje chili paja."

"Komatu amayi, inenso ndili ndi mayeso."

"Ukanadzuka. Nyamuka, anzako akukusiya."

Ndinanyamuka mlomo uli ndwii, kutsatira amayi a pamudzi amene ankakwera tsiku limenelo. Phiri limene ndinkaliona tsiku lililonse ndili pakhonde ndinali ndisanalidziwe. Njira inkadutsa pakati pa miyala ikuluikulu imene napolo anasiya, yoterera ndi mame, ndipo nkhuni zabwino zinali kutali, kumtunda kumene mpweya umathera. Amayi aja ankandiseka: "Lero atuma aphunzitsi! Achemwali anu adwala?" Iwo ankadziwa nthambi youma poigogoda. Ine ndinkangotola chilichonse chapafupi, chonyowa ndi chofumbwa chomwe. Luzi ndinamanga mwaulesi, moti potsika mtolo unamasuka, theka n'kugwera kuphompho. Kenaka ndinapunthwa pa mwala, chikhadabo cha chala chachikulu n'kutseguka.

Apa ndiyenera kunena bwinobwino, chifukwa ndakhala ndikuzisinkha zaka zambiri. Kupunthwako kunali kwenikweni, magazi anatulukadi. Koma kutsimphina kumene ndinalowa nako pakhomo, theka lake ndinawonjeza ndekha. Ndipo mtolo utamasuka ndikanatha kubwerera kukatola zina, dzuwa linali likadalipo. Sindinabwerere. Penapake mumtima ndinkadziwa kuti munthu akaigwira bwino ntchito, mawa amamutumanso.

Ndinafika ndi kamtolo koti khwangwala akanamangira chisa. Nditasuzumira m'khitchini ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Pansi ponse, kuyambira pa mafuwa mpaka pa chitseko, panali masamu olembedwa ndi khala, mizere yowongoka, ina yofufutidwa ndi phazi n'kulembedwanso. Achemwali anali atagwira ntchito m'mawa wonse. Tsopano anali atakhala pa chiguduli changa, atafunda chitenje chija, buku la matemba lili m'manja, chala chikuyenda pansi pa mzere, milomo ikugwedera. Ankamwetulira okha. Anali asanandione, ndipo nkhope yawo inali ya kamwana, yoti sindinaionepo chiyambire. Anali adakali koyambirira kwenikweni, mtsikana uja asanakwere n'komwe sitima.

Nkhuni zakale zinali zitatha, mphika uli pakati pa ulendo. Tinaikapo zanga zija, ndipo zinangofuka utsi n'kumalira thovu kumapeto. Moto unayamba kufa. Kalongonda wa pakati sungamudye, komanso sungamusiye. Nthawi yomweyo amayi anafika kuchokera kudimba, ndipo ataona kamtoloko anasiya Chichewa n'kulowa m'Chilomwe, chimene kwathu chinkatanthauza kuti zinthu zafika poipa. Atatopa anamaliza ndi mawu amene ndinkawayembekezera: "Kutuma uyu n'kutaya tsiku." Kenaka anayang'ana achemwali, n'kuyang'ana buku lili m'manja mwawo. Sakanawatuma. Anayamba kumanga chitenje m'chiuno kuti akwere okha, iwo amene msana unkawavuta.

Achemwali anayang'ana amayi, n'kuyang'ana chala changa chamagazi. Anasolola kaudzu ku denga, kukaika pa tsamba pamene anafika, n'kutseka buku. Anandipatsa m'manja, kutola chikwanje, n'kutuluka. Palibe anawatuma. Lamulo la amayi silinathyoledwe tsiku limenelo, ndipo mwina n'chifukwa chake palibe anaona kuti pachitika kanthu. Ine ndinakhala pa chiguduli chofunda ndi thupi lawo, chala chitamangidwa kansanza, ndipo ndinasangalala. Ndi mawu amenewo amene amandilemera kulemba, koma ndinasangalala.

Kuyambira pamenepo sanandiyambirirenso. Loweruka lililonse mpaka mayeso, ine pa mphika, iwo kuphiri. Masamu a pansi aja anafufutika ndi mapazi athu ndi a nkhuku.

Zotsatira zitatuluka, tonse awiri tinakhoza, koma wosankhidwa ndinali ine ndekha. Amayi analuluta mpaka mawu kusasa, kenaka anagwira achemwali paphewa n'kunena mowatonthoza kuti, "Mulungu amagawa, mwanawe. Wina amamupatsa mutu, wina manja." Anthu a pamudzi anavomereza, pakuti umboni unalipo: uyu ankakhalira buku, uyo ankakhalira nkhuni. Ine ndinali pomwepo, pakamwa pali bwinobwino, ndipo sindinanene kanthu. Mvula isanagwe kawiri achemwali anakwatiwa, ndipo mwamunayo anawapempha pa chitengwa n'kupita nawo ku Chilwa kumene kunali minda yake ya mpunga.

Mwina akanapatsidwa Maloweruka onsewo sakanasankhidwabe. Malo analidi ochepa, ndipo ambiri anzeru anatsala. Ndimadziuza zimenezi kawirikawiri, ndipo ndi zoona. Koma chilichonse chimene chikanachitika, chikanachitika iwo atayesa, ndipo kuyesako ndi kumene ndinawalanda.

Patapita zaka, nditamaliza maphunziro a uphunzitsi, ndinapita kukaona amayi. Ndikufuna lichero pamwamba pa chipupa cha khitchini, dzanja langa linagunda pepala la simenti. Linali buku lija, lakuda ndi mwaye, mphemvu zitadya m'mphepete. Kaudzu kaja kanali kakadali pamalo pake. Ine ndinali nditalibwereza kambirimbiri chichokere tsiku lija, koma nthawi zonse ndinkakadumpha osakachotsa, sindikudziwa chifukwa chake. M'mawa mwake ndinakwera kabaza kupita ku Chilwa.

Ndinapeza achemwali ali ndi ana awiri, wina kumbuyo, wina akukwawa. Mwamuna wawo ndi munthu wofatsa ndipo njala pakhomo pawo sinkafika, zimenezo ndisanamizire. Atamva kuti ndikubwera anali atateleka kalongonda m'mamawa, ati poti ndimamukonda. Kumeneko kulibe phiri, nkhuni n'zosowa, ndiye ankasonkhezera ndi mapesi ndi bango louma, zimene zimangoti lawi kamodzi n'kutha. Anandiyalira mkeka pakhonde. Titalonjerana ndinatulutsa bukulo m'chikwama n'kuwapatsa.

Analitembenuza, kulinunkhiza, n'kuphulika kuseka. "Iii, iwe! Likadalipo ili? Matemba ake sanathebe!"

Analitsegula pa kaudzu paja. Chala chinapita chokha pansi pa mzere, milomo n'kuyamba kugwedera. Mawu amene ndinakonza pa kabaza onse anabalalika.

"Achemwali," ndinatero, "masiku aja ndinkakhala pakhonde Loweruka, si masamu amene ndinkawerenga."

"Ndiye ukuuza ndani?" anayankha osadzutsa mutu. "Nanga pobwera unkandifotokozera masamu? Fungo lija ungalibise ndi pepala la simenti?"

"Komanso tsiku ndinapunthwa lija..."

"Unkatsimphina mwendo wina pakhomo, wina kuseri. Ndinakuona."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. "Nanga bwanji simunawauze amayi?"

Apa anadzutsa mutu n'kundiyang'ana monga ankandiyang'anira ndili kamwana, ndikafunsa zopusa. "Ndikanawauza kuti buku limanama, lamulo lija likanafa tsiku lomwelo. Ndiye tonse awiri tikanakwera phiri. Phindu lake chiyani?" Anabweza maso pa tsamba. "Nkhani unkaifotokoza bwino, usadandaule. Kungoti ine ndinkafuna kuiwerenga ndekha."

Sanakweze mawu, sanasinthe nkhope. Akanandikalipira bwenzi nditapepukidwa. Ndinawaonerera akuyenda pa mzerewo, liwu ndi liwu, ndipo kumwetulira kuja kunayamba kubwerera pang'onopang'ono. Ndinapemphera mumtima kuti pasachitike kanthu kowadzutsa.

Koma moto wa mapesi suchedwa. M'khitchini mphika unasiya kubwata, utsi n'kuyamba kutuluka pakhomo, ndipo mwana wokwawa uja anali akulowera komweko. Achemwali anatola kaudzu kaja n'kukabwezera. Anali atasuntha mizere yochepa chabe, tsamba lomwelo. Ine ndinadzambatuka.

"Khalani, achemwali, ndikasonkhezera ndine. Inu werengani."

Anandigwira pamkono, dzanja lawo lolimba ngati la mwamuna, n'kundibwezera pa mkeka. Bukulo anandiika pamwendo.

"Khala pansi iwe, anthu angandiseke. Mlendo satumidwa."

Ananyamula mwana uja n'kulowa mu utsi. Ine ndinatsala pakhonde, buku lili m'manja, ndikumva akuthyola mapesi pa bondo.